Masiku awiri pa Dedza ndi kalabu ya ojambula zachilengedwe: zimene ndinalipira ndi zimene ndinapeza

Ku Lilongwe kuli kalabu ya anthu okonda kujambula mapiri, mitengo, mitsinje, mbalame ndi mitambo, ndipo kangapo pa chaka amakonza ulendo wophunzitsana umene ngakhale munthu wosakhala membala amaloledwa kupita nawo akalipira. M'mwezi wa Julayi anabwera kuno ku Dedza kwa masiku awiri, Loweruka ndi Lamulungu, ndipo ine ndinalembetsa nditamva kwa alamu anga amene amagwira ntchito mumzindawo. Ndalama imene ndinapereka ikanatha kugula thumba la feteleza, kotero sindikuitenga ngati yamasewera, ndipo ndikulemba izi kuti amene akulingalira zodzalipira ulendo wotere adziwiretu chimene akukagula. Pa ndalamayo anatilonjeza kutinyamula pa minibasi, kutiphunzitsa kujambula tili pamalo pomwepo, kutipezera munthu wotilondolera ku mapanga a Chongoni, kutibwereka zida zimene tilibe, ndi kutitsukira chithunzi chimodzi chachikulu aliyense. Ochokera ku Lilongwe ankalipiranso malo ogona, koma ine ndinkagona kunyumba, ndipo anandichotsera gawo limenelo popanda kulimbalimba.

Ndakhala pa boma la Dedza zaka zoposa 20, ndipo phirili ndimaliona m'mawa uliwonse ndikangotsegula chitseko. Ndili ndi kamera yakale imene ndinagula kwa munthu, ya lenzi imodzi yoyambira 18mm kufika 55mm, ndiponso foni. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti phiri limene ndi maso limaoneka ngati likufuna kugwera nyumba zathu, pa chithunzi linkatuluka ngati chulu, thambo lake litayera mbee. Ndinalipira kuti wina andiuze pamene ndimalakwitsa. Zimenezo anandiuzadi, ndipo pa maphunziro kalabuyi ndikuiyamikira ndi mtima wonse. Pamene inandikhumudwitsa ndi pa kasungidwe ka nthawi, chifukwa ndondomeko yawo inalembedwa poyang'ana msewu ndi chakudya, osayang'ana dzuwa ndi nkhungu za ku Dedza, chonsecho ntchito yojambula zachilengedwe imadalira zimenezo kuposa china chilichonse.

Tinapangana kukumana pa boma 6 koloko m'mawa. Nthawiyo inasankhidwa bwino, pakuti mu Julayi dzuwa limatuluka 6 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo kuwala kofiirira kumene kumaonetsa makwinya onse a phiri sikukhalitsa kuno kwathu, chifukwa dzuwa lathu limakwera mowongoka ndi mofulumira. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, ndiye kuti anayenera kunyamuka kusanache, 4 koloko itangopitirira. Anafika 9 koloko itakwana. Ndinaima pamalo opanganawo nditavala juzi ndi jekete, ndikuona nsonga ya phiri ikufiira, kenako ikusanduka yachikasu, mpaka inayera n'kutaya mithunzi yake yonse. Atafika anapepesa, nafotokoza kuti ankadikira mamembala ena amene anachedwa kudzuka, ndipo ndinawamvetsa monga anthu anzanga. Koma munthu amene walipira kuti aphunzire kujambula kutuluka kwa dzuwa ndipo sanaphunzire, ali ndi chifukwa chodandaulira ngakhale kupepesako kukhale kochokera pansi pa mtima.

Tinalipo anthu 14 kuphatikizapo aphunzitsi, mayi wa zaka za m'ma 50 amene ndi mmodzi wa oyambitsa kalabuyi. Tinakwera ndi msewu umene umadutsa m'nkhalango ya paini kulunjika ku nsanja za mafoni ndi wayilesi, ndipo minibasi italephera pamalo ena okumbika tinatsika n'kuyenda pansi. Phiri la Dedza ndi lalitali mamita 2,198, ndipo boma lenilenilo lili kale pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, n'chifukwa chake alendo ambiri amadabwa ndi chisanu chake. Tsiku limene kwayera bwino, munthu akakhala pamwamba amaona minda ya ku Mozambique ndi phiri la Domwe, amaona Chongoni, ndipo akatembenukira kum'mawa amatha kuona nyanja. Ife zimenezo tinaziona mphindi zosakwana 20. Mphepo yozizira inayamba kuomba kuchokera chakum'mwera, chiperoni chinakwera ndi zigwa, ndipo posakhalitsa sitinkaonanso ngakhale nsonga ya nsanja imene tinaima pansi pake.

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti ndalama yanga sinalowe m'madzi. Ambiri tinayamba kubweza makamera m'zikwama, koma aphunzitsi anatiletsa. Ine anandiuza kuti, "Achimwene, musatseke chikwamacho. Zakutali zatithawa, koma mtengo uwu ulipo, ndipo mawa dzuwa likawala simudzauonanso chonchi." Anatisonyeza kuti nkhungu imandandalika mitengo motsatizana, wapafupi wakuda bii, wotsatira wotuwa, wakutali wongooneka ngati utsi, ndipo kuti kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti diso lilowe m'kati mwa chithunzi, chinthu chimene dzuwa lamasana limafafaniza. Anafotokozanso zimene palibe anandiuzapo zaka zonsezi, zakuti kamera ikaona zoyera zambiri imayesa kuti kwawala mopitirira muyezo, ndiye imadetsa chithunzi chonse, nkhungu yoyera n'kutuluka yotuwa ngati phulusa. Mankhwala ake ndi kuiwonjezera kuwala ndi sitepe imodzi pa kabatani kolembedwa + ndi -, ndipo a mafoni anawasonyeza kudina pagalasi kenako kukokera m'mwamba kachizindikiro ka dzuwa. Aliyense anayesa pompo, iwo akuzungulira kuyang'ana chithunzi cha mmodzimmodzi, osasiyanitsa wa kamera yodula ndi wa foni yosweka galasi.

Pambali pa njira panali ukonde wa kangaude womangidwa pakati pa udzu ndi kanthambi ka paini, ndipo ulusi uliwonse unali utanyamula timadontho ta mame tondondozana ngati mikanda. Ndinayesa kuujambula katatu, koma chithunzi chinkatuluka chogwedera. Mayiwo anagwada m'udzu wonyowa pambali panga, osasamala kuti zovala zawo zikuda, nandiuza kukweza ISO, muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala, kufika 400, kusiya kabowo kolowera kuwala m'lenzi pa f/8, kupanikiza zigongono m'nthiti, ndi kudikira kamphindi kamene mphepo imapuma. Tinadikira limodzi mwina mphindi zitatu tili chete, ukondewo ukuvina, kenako unaima, ndipo iwo anangonong'ona kuti, "Tsopano." M'chithunzicho dontho lililonse likuoneka palokha, ndipo kumbuyo kwake kuli mitengo itatu ikuzimirira m'nkhungu. Tili pomwepo anatichenjezanso za chisanu: batire yapadera iikidwe m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi chifukwa kuzizira kumaimaliza msanga, lenzi ipukutidwe ndi kansalu kake osati ndi malaya, ndipo kamera yozizira isatulutsidwe m'chikwama munthu akangolowa m'galimoto yofunda, chifukwa imachita thukuta ndipo chinyezicho chikalowa m'kati chimachedwa kuuma.

Potsika tinadutsa pa chitunda china pamene mitengo inadulidwa yonse, n'kutsala zitsa zokhazokha zakuda ndi moto. Aliyense wa kuno amadziwa kuti phirili silili monga linalili, pakuti macheka a matabwa, nkhwangwa za nkhuni ndi makala, ndiponso moto wolusa wa m'chilimwe zalimeta mbali zambiri. Anyamata awiri a makamera akuluakulu anafulatira zitsazo, mmodzi nanena kuti anabwera kudzajambula zokongola, zinazo n'za atolankhani. Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa mlendo amajambula mbali yokongola n'kubwerera kwawo, pamene ife timatsala ndi timitsinje touma msanga ndi madzi a mvula otsika ndi liwiro kukumba misewu. Aphunzitsi sanakangane nawo. Anatiimika tonse pa thanthwe limodzi natiuza kujambula kawiri osasuntha phazi, koyamba kuyang'ana kumene kuli mitengo, kachiwiri kuyang'ana kumene kuli zitsa, ndipo anati zithunzi ziwirizo zisungidwe pamodzi, zitalembedwa tsiku lake. Ndikukhulupirira kuti kalabu imene imabwerera pamalo amodzi chaka ndi chaka ikhoza kusunga umboni umene a zankhalango ndi mafumu angaugwiritse ntchito, ndipo ndikanakonda kuti zimenezi zikhale lamulo la ulendo uliwonse, osati nzeru ya mphunzitsi mmodzi yekha.

Za mbalame, zimene zinalembedwa pa chikalata choitanira anthu, sitinaphunzire kanthu, chifukwa pa gulu lonse lenzi yokoka zakutali inali imodzi ndipo mwini wake sanaibwereketse. Za nkhomaliro ndilibenso zambiri. Tinadya pa boma, ena nakamwa tiyi ku Dedza Pottery, malo oumba mbale ndi makapu amene akhalapo kuyambira 1987, ndipo aliyense analipira yekha. Chakudya chinabwera msanga, koma gulu linakhazikika pa macheza ndi kugula mphatso mpaka 4 koloko inapitirira, popanda wa kalabu wokumbutsa kuti mu Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5:30. Tinafika pa dambo limene anasankha patatsala mphindi pafupifupi 15 kuti dzuwa lilowe, nkhungu itachoka n'kutsala kachipewa kokha pansonga pa phiri.

Mphindi zochepazo zinayankha funso limene linandibweretsa. Pa dambopo pali madimba a kachewere ndi kabichi, ndipo dzuwa lopendeka linkamenya mizere cham'mbali, uliwonse n'kukhala ndi mthunzi wake. Ndinaonetsa aphunzitsi chithunzi changa cha phiri looneka ngati chulu, ndipo anazindikira msanga kuti ndimajambula pa 18mm nthawi zonse pofuna kuti zonse zilowe. Anafotokoza kuti lenzi ikatambasuka chotero zakutali zimachepa pamene zapafupi zimakula, kotero phiri limanyala, udzu wa pamapazi n'kudzaza theka la chithunzi. Anandibwezera m'mbuyo mapazi pafupifupi 50, nandiuza kukokera lenzi pa 55mm, kuika kanyumba ka maudzu ka mlonda wa dimba m'munsi mwa chithunzi kuti diso likhale ndi choyerekezera, ndi kusiya thambo pang'ono chabe. Phiri linaimirira kumbuyo kwa kanyumbako monga ndimalionera ndi maso. Ndikanapatsidwa ola lathunthu pamalo amenewo, monga ndondomeko inalonjezera, ndikanabwerako ndi zambiri.

Usiku tinasonkhana m'chipinda chodyera cha kumene anzathu anagona, ndipo aliyense anapereka zithunzi zitatu kuti ziunikidwe pagulu. Magetsi anazima tisanafike patali, moti makina oonetsera zithunzi pakhoma anasiya kugwira ntchito, ndipo tinamaliza titaunjikana kuzungulira laputopu imodzi. Ngakhale zinali choncho, gawo limeneli ndilo ndingauze munthu kuti asaliphonye. Pa chithunzi chilichonse mayiwo ankayamba ndi funso limodzi lomwelo: "Mumafuna kuti tione chiyani apa?" Mwini chithunzi akayankha, iwo ankaphimba ndi pepala mbali zonse zimene sizikuthandiza yankholo, ndipo kawirikawiri chotsalacho chinkakhala chithunzi chabwino chimene chinabisala m'kati mwa chosokonekera. Anatiphunzitsa kuwerenga kachithunzi konga mapiri kamene kamera imaonetsa pambali, kosonyeza kuchuluka kwa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja, ndipo anati kakaunjikana kumapeto a kumanja ndiye kuti thambo lapsa ndipo palibe kompyuta imene ingalibweze. Kusiyana kwa RAW ndi JPEG, njira ziwiri zimene kamera imasungira zithunzi, anakufotokoza mosavuta, kuti RAW imasunga zonse zimene kamera inaona ndipo imalola kukonza mithunzi pambuyo pake, ngakhale imadya malo ambiri pa khadi, pamene JPEG ndi yophikaphika, yovuta kuibweza pamoto. Anadzudzulanso chizolowezi chowonjezera mtundu wobiriwira mpaka udzu wa Julayi, umene ndi wouma, kuoneka ngati wa Febuluwale. Chithunzi chimene anachiyamikira koposa chinali cha mtsikana wina wa foni, cha ndere zolendewera pa nthambi m'nkhungu, ndipo zimenezi zinalimbitsa mtima onse amene ankadzikayikira chifukwa cha zida zawo.

Lamulungu tinanyamuka pa nthawi yake, chifukwa onse anali atagona pa Dedza, ndipo izi zokha zikusonyeza mmene vuto la dzulo lake likanapewedwera. Tinalunjika ku Mphunzi, amodzi mwa malo a Chongoni, kudzera msewu wafumbi wopatuka pa M1. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere ndi zozungulira, ndizo zakale kwambiri ndipo zimadziwika kuti n'za Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene ankakhala m'mapiri amenewa kalekale. Zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera, n'za makolo a Achewa, ndipo zina n'zokhudza chinamwali pamene zina n'za Nyau. Kalabu inachita bwino posadzitenga ngati yodziwa zonse. Inapeza bambo wachikulire wa m'mudzi wapafupi kuti atitsogolere, inatipititsa kaye kukalonjera amfumu, ndipo inalipira bambowo tonse tikuona.

Kutola zithunzi za zojambula za pa thanthwe n'kovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Phangalo lili mumthunzi pamene kunja kukuwala, utoto wofiira unazilala moti pena umafanana ndi mtundu wa mwala, ndipo fulashi aphunzitsi anailetseratu chifukwa imanyezimira pa thanthwe n'kubisa mizere yofookayo. Njira yake ndi kuika kamera pa choimikira cha miyendo itatu, kutsitsa ISO pa 100, kusiya kunja kwa chithunzi mbali iliyonse imene dzuwa likumenya, ndi kutchera kamera kuti ijambule yokha pakapita masekondi awiri kuti dzanja lisaigwedeze. Apa ndi pamene lonjezo la zida linaonekera poyera kuperewera kwake, chifukwa zoimikirazo zinali ziwiri zokha pa anthu 14, ndipo tinapatsidwa ola limodzi. Ine ndinadzithandiza pokhazika kamera pa chikwama changa pamwamba pa mwala, koma ena anabwerera opanda chithunzi chooneka.

Bambo otilondolerawo anali odziwa malo awo ndiponso odziwa malire a zoyenera kunena. Mnyamata wina atafuna kuwaza madzi a m'botolo pa thanthwe kuti utoto uoneke bwino, iwo anamugwira mkono mofatsa namuuza kuti madzi ndi thukuta la m'manja ndizo zimapha zojambulazi, ndipo anatisonyeza pamene ana ena analemba mayina awo ndi makala pamwamba pa chizindikiro chakale. Pakati pa zoyera panali chimodzi chonga nyama yotambasula miyendo, chokhala ndi madontho pamsana, ndipo mtsikana wa foni uja atafunsa tanthauzo lake anamuyankha kuti, "Mwana wanga, mayina a mapiri ndi njira zake ndikuuzani zonse, koma ichi n'cha anamkungwi, ndipo sichimasuliridwa pabwalo ngati lino." Mtsikanayo sanafunsenso, ndipo aphunzitsi anawonjezera kuti poika zithunzizi pa intaneti tilembe dzina la malo ndi zimene tauzidwa, tisapeke matanthauzo. Ola limodzi ndi munthu wotere pamalo otere ndi lochepa kwambiri, ndipo tinachoka iwo akadali ndi mapanga ena ofuna kutionetsa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachibise. Pobwerera ku minibasi tinakumana ndi mayi wina atasenza nkhuni, mwana ali kumsana, ndipo anzathu atatu anakweza makamera nthawi imodzi osapereka ngakhale moni. Mayiyo anatula mtolo wake pansi nafunsa kuti, "Abambo, mwandijambula osandipempha, ndiye zithunzizo mukupita nazo kuti?" Aphunzitsi anathamanga, ananyonyomala n'kupepesa, anamuonetsa zithunzizo, ndipo iye atakana kuti zisungidwe anauza eni ake kuzifufuta iye akuona. Anakonza bwino, koma nkhani yotere siyenera kudikira kuti ichitike. Kalabu imene imatenga anthu a mumzinda kupita nawo m'midzi iyenera kuneneratu pa tsiku lolembetsa kuti munthu sajambulidwa asanalonjeredwe ndi kupemphedwa, ndi kuti pali malo monga manda ndi dambwe amene kamera siyandikirako. Ife a kuno ndi amene timatsala ndi manyazi, chifukwa mawa lake timakumana ndi anthu omwewo pa msika.

Masana a tsikulo anathera mumsewu. Ndondomeko inati kuchokera ku Chongoni tipite ku chitsetso cha Khwekhwelere pa msewu wa ku Golomoti, kenako titsike mpaka ku Mua, kumene kuli mishoni imene inayamba mu 1902 ndi malo a zachikhalidwe a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976. Aliyense wodziwa dera lino akanawauza kuti zimenezo sizingakwane tsiku limodzi, chifukwa Chongoni ali chakumpoto kwa boma pamene msewu wa ku Golomoti umapatuka pa Masasa, kum'mwera kupitirira Bembeke, ndipo makona ake salola liwiro. Tinaima pa kona imodzi 3 koloko itapitirira, m'mlengalenga muli kautsi, nyanja ikungooneka ngati kansalu kotuwa patali. Tinajambula msewu wokhotakhota ukutsikira m'chigwa kwa mphindi 20, kenako tinabwerera kuti a ku Lilongwe asayende usiku. Ku Mua sitinafike, ndipo palibe amene anatchulapo zobweza kangachepe. Maola atatu amene tinataya pa matayala akanapindula kwambiri akanapatsidwa kwa bambo aja a ku Mphunzi.

Chithunzi chotsuka anati chidzabwera pakatha sabata imodzi, koma chinafika patatha masabata atatu, nditakumbutsa kawiri pa WhatsApp. Chinabwera chitatetezedwa bwino pakati pa makatoni awiri, cha saizi ya A4, pa pepala lolimba losanyezimira. Ndinasankha cha ukonde wa kangaude chija. Chinatuluka chakuda pang'ono poyerekeza ndi mmene chimaonekera pa laputopu, koma pa zimenezi aphunzitsi anali atatichenjeza kale kuti galasi la kompyuta limadziwalira lokha pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, ndi kuti chithunzi chopita kotsuka chiyenera kuwalitsidwa pang'ono chisanatumizidwe. Ine sindinatero, kotero pamenepo sindikuimba kalabu mlandu.

Amene ali ndi kamera kapena foni ndipo zithunzi zake za mapiri sizimukhutiritsa, ulendo wotere ungamuthandize m'masiku awiri kuposa zaka zongoyesa payekha, ndipo sayenera kudikira kuti agule kaye zida zodula. Amene amadziwa kale za ISO ndi malenzi, ndipo akungofuna kuperekezedwa pamalo abwino pa nthawi yabwino, akhoza kubwerako akudandaula ngati ndondomeko ikhala monga inalili. Asanalipire afunse ngati gulu lidzagona pa Dedza Lachisanu, afunse kuti anthu adzakhala angati ndi kuti zoimikira kamera zilipo zingati, ndipo aonetsetse kuti malo olembedwa pa tsiku limodzi sakupitirira awiri. Aganizirenso za mwezi. Julayi ndi wa nkhungu ndi chisanu, wabwino kwa ofuna zapafupi monga mitengo ndi mame, koma wosadalirika kwa ofuna kuona patali. Mu Meyi dziko limakhala lidakali lobiriwira ndipo m'mlengalenga mumayera. Mu Seputembala mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira okongola kwambiri, koma utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri akutali mpaka mvula yoyamba itautsuka, ndipo pambuyo pa mvula imeneyo ndi pamene Domwe amaoneka ngati ali kuseri kwa nyumba. Juzi, nsapato zosaterera, batire yachiwiri ndi kansalu kopukutira lenzi asazisiye, kaya ndi mwezi uti.

Zonsezi ndinawalembera akuluakulu a kalabuyi ndisanazilembe pano, ndipo aphunzitsi anandiyankha kuti nkhani ya kugona Lachisanu ndi ya kupempha anthu asanajambulidwe akazikambirana pa msonkhano wawo. Ndawauza kuti akadzabwera mu Meyi ndi ndondomeko yokonzedwa ndidzalipiranso, ndipo ndadzipereka kukawaonetsa dambo lina la kunjira ya ku Bembeke limene limalandira dzuwa la m'mawa phiri lili kumbuyo kwake. Pakadali pano ndakwera kawiri kubwerera pa thanthwe lija la pakati pa mitengo ndi zitsa, ndipo ulendo wachiwiri, kumayambiriro kwa Seputembala, ndinapeza moto utadutsa mbali ya mitengo, moti zithunzi zimene ndasunga za pamalopo tsopano zilipo 6, chilichonse ndi tsiku lake.